Ufumu Umene a Matumba Anaupeza M'mapepala

Ngati munagulapo misomali, mabatani kapena mbewu zodzala pamsika pathu, kathumba ka pepala kamene anakuikiranimo anamata ndi a Matumba. Ine ndinawadziwa chaka chatha, nditangoika benchi langa la makapu ndi matambula moyang'anizana ndi kachipinda kawo. Iwo amanditchula kuti Wamakapu, ine ndimati bambo.

Kachipindako ndi ka mamita atatu m'litali, awiri m'lifupi. Muli tebulo limodzi lalitali. Kumanja kumakhala akazi awo, amene msika wonse umawatchula kuti a Lumo, kumanzere a Matumba. Amagula mabuku akale pa sikelo, onyowa, opanda zikuto, ena odyedwa ndi chiswe. A Lumo amadula ulusi wa pamsana pa buku, mapepala n'kumasuka. Pepala lililonse likatambasulidwa limakhala lalikulu, masamba awiri ogwirana pakati. Amaunjika mapepala makumi asanu, kuikapo thabwa, n'kudula m'mphepete pamwamba ndi pansi kuti onse alingane. Muluwo umakankhidwira kumanzere. A Matumba amapinda kanayi, kupaka guluu ndi mswachi wakale, kukanikiza ndi chala chachikulu, kathumba katha. Ndinawawerengerapo pa wotchi: masekondi makumi anayi. Pa tsiku akhoza kumata mazana asanu ndi limodzi ngati sakulankhula. Koma amalankhula.

Tizidutswa ta m'mphepete timene a Lumo amadula ndimatenga ine. Ndimayala pakati pa matambula kuti asasweke.

A Matumba anabadwa achinayi m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu anasiya ali m'kalasi lachisanu ndi chimodzi, chaka chimene bambo awo anagwa pa makwerero n'kuthyoka msana. Ananyamulapo simenti, analonderapo sitolo ya nsalu, anapalasapo njinga ya katundu mpaka maondo anakana. Chingerezi anachita kutola, pa zikwangwani, pa makatoni, ndi m'kabuku komasulira mawu kamene kanayambira pa C chifukwa masamba oyamba anathothoka. Ntchito ya matumba inali ya a Lumo ndi amayi awo. A Matumba anapita kumeneko kukafuna mkazi, apongozi n'kuwapatsa mswachi wa guluu tsiku lomwelo. Papita zaka makumi atatu ndi zinayi.

Chizolowezi chawo n'chakuti pepala lisanapindidwe, maso amalidya kaye. Awerenga kumanzere, awerenga kumanja, atembenuza, awerenganso. Zambiri amaiwala guluu asanaume. Koma zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, m'belo lina munabwera mapepala a buku la mbiri yakale, lopanda chikuto, losakanikirana ndi mabuku a masamu ndi a ulimi. Pepala loyamba atawerenga sanalipinde. Analiika pambali. Kwa milungu itatu anakhala akuwedza anzake m'mulu mpaka anapeza makumi awiri ndi atatu. Anawasunga m'chitini cha mabisiketi, pamwamba pa shelefu, ndipo m'chitinimo ndi mmene munali ufumu wawo.

Ndinaumva koyamba sabata yanga yachiwiri pamsika.

"Wamakapu, kusukulu kwanu anakuphunzitsani za ufumu wa mizinda isanu?"

"Uti umenewo, bambo?"

"Waona? Nawenso sukuudziwa. Dziko lonse linauiwala."

Mizindayo ankaitchula pa zala: Akisumu, Kushi, Nabateya, Sirivijaya, Tiwanaku. Onse pansi pa mfumukazi imodzi, ikafa ina n'kulowa, kwa zaka zoposa zikwi ziwiri. Anthu ake ankaimika miyala yosemedwa yaitali kuposa nyumba ya nsanjika zisanu. Ankabisa madzi pansi pa chipululu, mdani n'kumafa ndi ludzu ataima pamwamba pa chitsime. Anali ndi zombo zambirimbiri zolondera njira ya pakati pa zilumba. Analinso ndi minda pamwamba pa mapiri ozizira, m'mbali mwa nyanja yaikulu.

"Nanga zombo m'chipululu zinkayenda bwanji?" ndinafunsa.

"Ankaziphwasula. Matabwa n'kusenzetsa ngamila, ulendo wa kumapiri. Akafika kunyanja ya pamwamba ija n'kuzikhomanso."

"Zinalembedwa zimenezo?"

"Zina salemba, mwana wanga. Munthu woganiza amaona yekha. Tsamba ili likunena za ngamila, lotsatira zombo, lotsatira tinyama tonga ngamila koma topanda linunda. Linundalo linapita kuti? Linatha ndi matabwa."

A Misomali, amene amagulitsa zitsulo pakhomo loyandikana nawo, anatulutsa mutu.

"A Pulofesa ayambapo! Mayi, awonjezereni mapepala, ngamila zafika pa phiri."

"Inu mumadziwa chiyani? Mumangodziwa msomali wa mainchesi atatu ndi wa mainchesi anayi."

"Koma wanga ukhoza kuugwira m'manja. Ufumu wanuwo mtengo wake ndi wotani pa kilo?"

Ine ndinkaukhulupirira, osati wonse, koma wambiri. Mutu wanga unkazungulira ndikayesa kuujambula pa mapu, chifukwa chipululu, zilumba ndi mapiri ozizira sizinkafuna kukhala pamodzi. Komabe ndinkati mwina vuto ndi ine. Munthu amene wawerenga chinthu zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ungamutsutse ndi satifiketi imodzi?

Lolemba lina kunabwera mphunzitsi wa mbiri wa kusekondale ya kumtunda kwa msika, kudzagula makapu khumi ndi awiri a mu ofesi ya aphunzitsi. Ndikuwakulunga, a Matumba anali akufotokozera kasitomala za miyala ya ku Akisumu. Tsiku limenelo sanafike pa ngamila, chifukwa kasitomalayo anali pa changu. Aphunzitsi anamvetsera, kenako anawoloka kanjira.

"Bambo, za Akisumu munazidziwa kuti? Ana anga ndikawafunsa amaona ngati ndi dzina la mankhwala."

"Ndinawerenga, aphunzitsi. Pomwe pano."

"Loweruka lino kalabu yathu ya mbiri ili ndi msonkhano, 2 koloko masana. Makolo abweranso. Mutu wake ndi maufumu oiwalika. Mungabwere kudzalankhula? Ana aone kuti mbiri si ya m'kalasi mokha."

A Matumba anaimirira, mswachi uli m'manja, guluu akudonthera pa nsapato. Chichokereni m'kalasi lachisanu ndi chimodzi anali asanaitanidwepo pa sukulu iliyonse, kupatula kukamva zolakwa za ana awo. Pofika madzulo msika wonse unali utamva. Anabwereka jekete kwa mlamu wawo. A Misomali anati atseka sitolo Loweruka masana, zoterezi sizichitika kawiri.

Lachitatu m'mawa ndinkalongedza matambula m'katoni. Ndinatola kachidutswa kamodzi ka m'mphepete, kaatali, ndipo maso anga anagwera pa manambala. Kumapeto kwa kumanzere kunali 98. Kumapeto kwa kumanja 127. Ndinadabwa. Tsamba 98 mnzake akhala bwanji 127? Ndinatola kena: 100 ndi 125. Kena: 104 ndi 121. Ine manambala akakhala awiri pafupi ndimangowaphatikiza, ndi matenda anga. 225. 225. 225. Ndinakhuthula thumba lonse pa benchi. Tina tinkapereka 289, tina 65, koma mwa tizidutswa makumi atatu timene ndinaona, tiwiri tokha ndi timene manambala ake anali otsatizana.

Ndinatenga buku langa lakale la masamu limene ndimatsamiritsira sikelo, ndinadula ulusi, ndinasolola pepala limodzi. Kumanzere kunali kugawa, kumanja ma angle. Pakati pa masamba awiriwo panayenera kukhala masamba ena makumi awiri ndi asanu ndi atatu, amene anali pa mapepala ena. Buku amalisoka mapepala atalowetsana, lina m'kati mwa linzake. Ukalimasula, masamba ogwirana si apachibale ayi, angokhalira kugona chipinda chimodzi.

Ndinayang'ana tsidya la kanjira. A Lumo anali akudula m'mphepete, manambala ndi mitu ya pamwamba zikugwera m'dengu. A Matumba anali akuwerenga pepala lodulidwa kale, kumanzere kenako kumanja, milomo ikugwedera.

Tsiku lonselo ndinasokoneza zinthu. Wina anafuna makapu anayi, ndinamupatsa matambula asanu. Ndiwauze? Ndikawauza ndawalanda chinthu chimene akhala nacho kuyambira ine ndili wa zaka zitatu. Ndikapanda kuwauza, Loweruka akaima pamaso pa ana, makolo, aphunzitsi odziwa mapu ndi a Misomali, n'kusenzetsa ngamila zombo. Komanso mwina ndine ndikulakwitsa. Mwina buku lawolo analisoka mwa mtundu wina. Mwina ufumuwo unalikodi, ine n'kumangovutika ndi tizidutswa.

Lachinayi m'mawa a Matumba anapita kwa telala kukafupikitsa manja a jekete. Ndinathamangira kwa a Lumo ndi tizidutswa tanga.

"Mayi, taonani manambala awa."

Anayang'ana kamodzi. "Ee. Ndi mmene amasokera mabuku. Nanga?"

"Mumadziwa?"

"Ndadula ulusi zaka zingati ine? Tsamba la kumanzere ndi la kumanja sadziwana. Kupatula pepala la pakati penipeni."

"Koma bambo amawerenga kumanzere n'kupitiriza kumanja, ngati nkhani imodzi."

Mpeni unaima. "Ukunama."

"Ufumu wonse uja ndi mmene anaupezera."

"Iwe, munthu wakhala pambali panga zaka makumi atatu ndi zinayi, ndikudula ulusi iye akuona."

"Amaona mulu ukafika mbali yawo, utadulidwa kale."

A Lumo anagwira pakamwa. Sindinadziwe ngati akuseka kapena akufuna kulira, ndipo ndikuganiza kuti nawonso sanadziwe.

"Ine nkhani zawozo ndimangozimva ngati wailesi ya kwa aneba," anatero. "Ndimati amadziwa. Ndiye ngamila zija?"

"Sindikudziwa, mayi."

"Uwauze ndiwe. Ine ndikawauza aziti ndi nkhani ya jekete, chifukwa ndinawauza kuti silikuwakwana."

Atabwerako, ndinawapempha kuti akhale pansi. Ndinatenga mapepala anayi osalembapo, ndinawapinda pamodzi ngati kabuku, ndinawapatsa cholembera.

"Bambo, lembani manambala, tsamba lililonse. Kuyambira 1."

"Mayeso?"

"Ingolembani."

Analemba mpaka 16. Ndinasolola pepala lakunja n'kulitambasula pa tebulo. Kumanzere 2, kumanja 15. Ndinasolola lachiwiri: 4 ndi 13. Anayang'ana nthawi yaitali. Anatenga mapepalawo, anawabwezera, anawasololanso okha. Katatu.

"Awa ndi mapepala ako," anatero. "Anga ziganizo zimalumikizana."

"Nthawi zonse?"

"Anthu ophunzira salemba ngati ukulemba kalata kwa azakhali. Amadumpha. Woganiza amadzaza yekha."

"Tsitsani chitini, bambo."

Anatsitsa. Anatsegula chivundikiro n'kutulutsa mapepala. Pepala loyamba kumanzere linkathera pa mawu onena za amalonda a lubani akutsogolera ngamila zawo kulowera ku, basi tsamba latha. Kumanja linkayamba ndi doko lodzaza zombo, amonke akutsika kudzaphunzira.

"Waona? Kulowera ku doko."

"Kapena kulowera kwina kulikonse, bambo. Fufuzani tsamba lina loyamba ndi dzina la malo."

Sitinachedwe kulipeza. Linali pa pepala lachisanu ndi chinayi, ndipo linkayamba ndi mzinda wosemedwa m'thanthwe, m'chipululu momwemo, wopanda chombo ngakhale chimodzi. Chiganizocho chinalowa ngati chivundikiro pa poto wake. A Matumba anachiwerenga mokweza kawiri, kenako anavula magalasi.

"Ndiye maufumu alipo angati?"

"Mwina asanu. Mwina mzinda uliwonse ndi ufumu pawokha."

"Mwina?"

"Sindikudziwa, bambo. Ine ndangodziwa manambala."

"Mfumukazi ndi ya uti?"

"Sindikudziwa."

"Nanga ukudziwa chiyani, iwe mwana? Wabwera kudzagumula nyumba ulibe ndi njerwa imodzi yomwe?"

Ndinabwerera ku benchi langa. Masana onse sanamate kathumba ngakhale kamodzi. Ndinkawamva akulankhula ndi akazi awo, mawu akukwera n'kutsika. Poyamba anati Loweruka adwala, mutu wayamba kale. Kenako anati apita n'kukanena monga amanenera masiku onse, ana adziwa chiyani. Kenako anati Wamakapu akalankhule yekha, poti ndiye pulofesa watsopano. A Lumo anangoyankha kamodzi.

"Mwabwereka jekete, mwalidulitsa manja. Mlamu wanu mukamuuza kuti munalidulira kudwala?"

Lachisanu ndikutsegula benchi, ndinamva, "Wamakapu! Bwera ndi makapu asanu. Osiyana mitundu."

Chitini chinali pa tebulo, mapepala onse makumi awiri ndi atatu atatambasulidwa. A Matumba anawakankhira kumanja, kwa akazi awo. Chiyambireni ntchitoyi, mapepala anali asanayendepo kuchoka kumanzere kupita kumanja.

"Dulani pakati," anatero.

"Mwatsimikiza? Ndikadula sindisoka."

"Dulani ndisanasinthe maganizo."

A Matumba anatembenukira kukhoma. Mpeni unadutsa kawiri kokha, ndipo panali masamba makumi anayi ndi asanu ndi limodzi. Tinatseka chitseko theka. Ntchito inali yofufuza tsamba lililonse kumene lathera, n'kupeza lina loyambira pomwepo. Manambala panalibe, anagwera m'dengu zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo. Kapu yofiira inatsindira mulu wa Akisumu, yobiriwira Kushi, yoyera Nabateya, yabuluu Sirivijaya, yachikasu Tiwanaku.

Sizinayende mwaulemu. Masamba ena anasowa anzawo chifukwa anasanduka matumba a misomali kalekale. Ena sankatchula dzina lililonse, ankangoti "iwo", "mafumu awo", "mzindawo". A Matumba ankadziwa tsamba lililonse pamtima, koma ankalidziwa ndi mnzake wolakwika, ndiye akayamba chiganizo pakamwa pankamalizitsa ndi cha ufumu wina. Kawiri konse ndinapeza tsamba la mfumukazi pansi pa kapu yabuluu.

"Bambo, mfumukazi ndi ya kapu yobiriwira. Taonani, apa akutchula Kushi."

"Ndikudziwa. Ndimangofuna ione zombo."

Ogula matumba ankagogoda. Mayi wa mbewu anati kasitomala amuikire m'manja kodi? A Misomali anasuzumira pa chitseko, anaona makapu asanu pa mapepala.

"Mwayamba kuombeza? Ndioneniponi ngati simenti itsike mtengo."

Pofika 4 koloko tinali ndi miyulu isanu, ndi masamba anayi amene anakana kulowa paliponse. Ndinawalembera a Matumba kakhadi: ufumu uliwonse mzere umodzi, ndi zinthu zake ziwiri. Anakawerenga, anakatembenuza, anakawerenganso.

"Waung'ono bwanji," anatero. "Uliwonse waung'ono."

"Koma tsopano ndi asanu, bambo. Dzulo munali ndi umodzi."

"Umodzi umene ndinkaudziwa. Awa ndi alendo."

Loweruka ndinatseka benchi 1 koloko. Holo ya sukuluyo inali ndi mabenchi khumi ndi awiri, ana pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, makolo khumi ndi anayi. A Misomali anakhala kutsogolo, miyendo atapingasa. A Lumo anakhala pafupi ndi ine kumbuyo, chitini chili pamiyendo. Pakhoma panali mapu aakulu a dziko lonse.

Aphunzitsi anawalandira bwino, anati awa ndi bambo amene sukulu yawo ndi tebulo la ntchito. Ana anaomba m'manja. A Matumba anaimirira mu jekete lija, kakhadi kali m'manja.

Akisumu anaidutsa bwino. Kushi anaidutsa bwino, ndi mapiramidi ake ang'onoang'ono osongoka, ndi mafumukazi ake. Ndinayamba kupuma. Atafika pa Nabateya mawu anamasuka, anasiya kuyang'ana kakhadi, dzanja linayamba kuyenda m'mwamba monga amachitira pamsika.

"Ndipo akamaliza kumwetsa ngamila pa zitsime zobisikazo, ankamasula zombo, thabwa limodzi limodzi..."

A Lumo ananditsina pa ntchafu. Mtsikana wina wa pa benchi lachiwiri anakweza dzanja.

"Agogo, zombo zachokera kuti? Mwati ndi m'chipululu."

"Zombozo ndi za... ndi za kapu yabuluu."

Ana anayang'anana. Aphunzitsi anayang'ana mapu, ngati pali dziko limene analiphonya. A Matumba anayang'ana kakhadi, koma anali atakagwira chadodolido. Anayamba kunena za Tiwanaku n'kutchula amonke. Anabwerera kwa mfumukazi n'kuiika pa chilumba. Anaima. Benchi la a Misomali linkalira chifukwa mwini wake ankadzigwira kuti asaseke. Ine ndinkawerenga matabwa a kudenga. Ndinafika pa makumi awiri ndi awiri.

"Mayi," anatero a Matumba, "bweretsani chitini."

A Lumo anayenda pakati pa mabenchi ngati akupita kukapereka umboni. A Matumba anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa kabuku kaja ka mapepala anayi, ka manambala 1 mpaka 16. Sindinadziwe kuti anakasunga.

"Ana inu, ine ntchito yanga ndi yomata matumba. Ndikuonetsani mmene munthu amapusira."

Anasolola pepala, analikweza m'mwamba, 2 uku, 15 uku. Anafotokoza za ulusi, za mpeni wa akazi awo, za manambala ogwera m'dengu. Anafotokoza kuti kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anali ndi ufumu umodzi waukulu, ndipo unatha Lachinayi cha m'ma 11 koloko. Ananenanso za linunda lotha ndi matabwa. Apa holo inaphulika. Ana ankagwira m'mimba, kholo lina linkapukuta misozi, a Misomali anamasuka n'kuseka mpaka kutsokomola. A Matumba anadikira, nkhope ili gwa, thukuta likutsikira m'kolala.

"Mwaseka, zikomo. Tsopano tione inu a sukulu. Masamba ndi awa, makumi anayi ndi asanu ndi limodzi. Ndawasakaniza. Aliyense atenge limodzi, apeze mnzake amene tsamba lake likupitiriza. Ine ndi Wamakapu zinatitengera tsiku lonse, ndipo anayi anatikanika."

Zimene zinatsatira sindingazifotokoze mwadongosolo chifukwa dongosolo panalibe. Ana anadzuka onse nthawi imodzi. Wina ankakuwa, "Ndani ali ndi minda ya m'mapiri?" Wina, "Langa lathera pa 'ndipo', ndithandizeni!" Anyamata awiri analumikiza mapiramidi ndi zilumba n'kumalumbira kuti zikugwirizana, ndipo a Matumba anawayang'ana mwachifundo n'kuwauza kuti njira imeneyo aidziwa, siifika. Makolo analowerera. A Misomali anapatsidwa tsamba ndi mwana wina, ndipo patapita mphindi khumi ndinawapeza pakona akulitembenuza uku ndi uku, akufunsa aliyense wodutsa ngati lubani ndi mzinda kapena munthu.

Mtsikana wa dzanja uja ndiye anapeza kwawo kwa limodzi mwa masamba anayi otikanika. Linali la Kushi, la ng'anjo zosungunulira chitsulo. Ife tinalephera chifukwa pakona pake panadyedwa ndi chiswe. A Matumba anamugwira chanza ndi manja awiri. Atatu otsalawo anakanika holo yonse, ndi aphunzitsi omwe.

Nthawi itatha, ana akutuluka akukanganabe, aphunzitsi anawatengera a Matumba pa mapu. Ndinawatsatira, chitini chili m'manja mwanga. Analoza ndi rula. Akisumu ndi Kushi apa, kumpoto chakum'mawa kwa Africa. Nabateya apa, kutsidya kwa nyanja yopapatiza iyi. Sirivijaya uko, ku zilumba za ku Asia. Pofuna Tiwanaku anayenda masitepe atatu kupita kumapeto ena a khoma.

A Matumba anayang'ana mtunda wa pakati pa rula ndi pamene iwo anaima.

"Ngamila sizikanafika," anatero pang'onopang'ono.

"Sizikanafika, bambo. Komanso pamene a Sirivijaya ankayamba, ufumu wa Nabateya unali utatha zaka zoposa mazana asanu."

"Ndiye anthu amenewa sanaonanepo? Ngakhale moni?"

"Awa awiri anaonana," anatero aphunzitsi, rula ikubwerera ku Africa. "Akisumu ndi Kushi anali oyandikana. Ankagulitsana zinthu, ndipo akatswiri ambiri amati pamapeto pake anamenyana."

A Matumba anawongoka. Anayandikira mapu mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda pepala.

"Anamenyana? Anapambana ndani?"

"Zikuoneka kuti Akisumu. Koma pali mkangano, si onse amavomereza."

"Mwamva, mayi? Yofiira ndi yobiriwira ankadziwana." Anatembenukiranso kwa aphunzitsi. "Awiri okha?"

"Awiri ndi amene ine ndingaikire umboni."

"Ndiye kuti enawo simunafufuze bwino. Mabuku ake ali kuti?"

"Mu laibulale muli awiri kapena atatu. Imatsegulidwa Lolemba. Ndikhoza kukulembetsani ngati mlendo wa kalabu."

"Osoka?"

"Osoka, bambo. Ndi zikuto zomwe."

A Lumo anatenga chitini m'manja mwanga n'kuchikhomera m'khwapa.

"Lolemba kuli matumba a masiku atatu akudikira," anatero. "Mukapita ku laibulale 12 koloko, 1 koloko mwabwerako. Ndipo jeketelo vulani, mwalinyowetsa, ndi la eni."